Mlendo ndi Mame: Aphunzitsi Odzipereka ndi Ana Athu

Agogo mwakhala pamkekawo, bambo mwangotuluka m'chigafa manja akali kumata utomoni wa fodya, amayi muli pamotowo khutu lili kuwailesi, ndi inu ana asukulu mwatsegula kope pa kuwala kwa tochi, ndakulandirani nonse. Senderani pafupi ticheze.

Lero tikamba za alendo. Sindikunena alendo obwera kumaliro kapena kuchinkhoswe ayi, koma anthu aja amasiya kwawo kutsidya kwa nyanja, nabwera kudzakhala pakati pathu chaka chimodzi kapena ziwiri, kuphunzitsa ana athu Chingerezi popanda malipiro enieni. Ena mumawatchula kuti mavolontiya, ena mumangoti mzungu wa kusekondale uja. Ine ndiziti aphunzitsi odzipereka. Ndiyamba ndi kukukumbutsani kumene zimenezi zinachokera. Kenako ndikufotokozerani zomwe ndinaona ndi maso anga ndili mwana wasukulu. Tikatero tidutsira kwa Wimbe kuno ku Kasungu, kwa mnyamata amene nonse mukumudziwa. Pomaliza tifunsana kuti mlendo wotere akafika pasukulu yathu, ife eni mudzi tizitani.

Makolo athu anatisiyira miyambi iwiri ya mlendo. Wina umati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Wina umati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Miyambi iwiriyi muisunge, pakuti nkhani yonse ya lero yagona pamenepo.

Za mame palibe angakuphunzitseni inu alimi a fodya. Fodya wa burley akauma pamikangala simumugwira masana dzuwa likuswa mtengo. Mukatero tsamba limathetheka, ndalama n'kufumbutukira m'manja. Mumalawirira m'bandakucha chinyezi chikadalipo, tsamba litafewa. Nthawi imeneyo ndiye mumatsitsa fodya, kusankha magiredi, kumanga timitolo. Mame sakhalitsa, koma mlimi wodziwa ntchito amamaliza zambiri asanakamuke. Mphunzitsi wodzipereka ali chimodzimodzi. Abwera, akhala pang'ono, apita. Funso lathu n'lakuti, mame akadalipo, tigwira ntchito yanji?

Tiyeni tibwerere kaye m'mbuyo.

M'chaka cha 1961, mtsogoleri wa dziko la America, John F. Kennedy, anakhazikitsa bungwe la Peace Corps, loti lizitumiza achinyamata a dzikolo kukagwira ntchito modzipereka m'maiko ena. Oyamba anafika kuno mu 1963, dziko lino likadali Nyasaland, kutatsala chaka chimodzi kuti tilandire ufulu wodzilamulira. Ambiri mwa iwo anali aphunzitsi a kusekondale, chifukwa nthawi imeneyo Amalawi amene anafika kuyunivesite anali owerengeka. Angerezi nawo ali ndi bungwe lawo la VSO, lomwe linayamba mu 1958. A ku Japan anayamba kubwera mu 1971, ndipo enanu munawaona m'zipatala ndi m'masukulu akulankhula Chichewa chomveka bwino. Choncho tikamati mphunzitsi wodzipereka, tisamangoganiza za mzungu woyera khungu. Amabwera a mitundu yambiri, ena akuda ngati ife tomwe.

Agogo mukumvera kumeneko mungakumbuke nyimbo ija ya Ufa wa Mtedza, yomwe inkamveka kwambiri pawailesi kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anaiimba ndi Jack Allison, mnyamata wa Peace Corps amene ankagwira ntchito ya zaumoyo ku Ntcheu. Sanali mphunzitsi wa Chingerezi iyeyu, koma ndamutchula dala. Uthenga wake wothira nsinjiro m'phala la mwana unalowa m'makutu mwa amayi chifukwa anaupereka m'chiyankhulo chawo. Anayamba waphunzira kwa ife, kenako ndiye anatiphunzitsa.

Mpaka lero a Peace Corps akafika sapita kusukulu tsiku lomwelo. Amayamba akhala m'mudzi miyezi ingapo pakhomo pa banja la Chimalawi, kuphunzira Chichewa kapena Chitumbuka, kuphunzira kuphika nsima pamafuwa, kutunga madzi pamjigo, kupereka moni kwa akulu. Akatero ndiye amatumizidwa kumalo awo a ntchito kwa zaka ziwiri, ambiri kumasekondale oyendera a kumudzi. Mu Marichi 2020, mliri wa Covid-19 utavuta, onse anaitanidwa kubwerera kwawo mwadzidzidzi, ena osatsanzika n'komwe ana awo a m'kalasi. Mame anakamuka dzuwa lisanatuluke. Masukulu amene anali atatsamira pa mlendo yekha anatsala manja ali m'khosi.

Mwina wina akufunsa kuti, kodi Chingerezicho n'chofunika motani kuti munthu achite kuwoloka nyanja? Bambo ndi mayi, mvetserani apa. Mwana wanu akafika Sitandade 5, maphunziro onse kupatula Chichewa amakumana nawo m'Chingerezi, ndipo mayeso a Sitandade 8 amalemba m'Chingerezi. Akafika Fomu 4, angakhoze masamu, angakhoze zaulimi, angakhoze sayansi, koma akalakwa Chingerezi satifiketi ya MSCE salandira. Alipo ana ambiri kuno kwathu mitu yawo imagwira bwino, amene angakuwerengereni mtengo wa belo la fodya pamtima asanatulutse foni, koma anagwa pa phunziro limodzi lokhali. Kunyumba amva Chichewa, kumsika Chichewa, kutchalitchi Chichewa. Chingerezi amakumana nacho pabolodi pokha, ndipo belu likalira chimatsala pabolodi pomwepo.

Vutoli lili ndi mbiri yake. Mu 1994 boma linachotsa fizi ya kupulayimale, ndipo ana analowa sukulu ngati dzombe, kuchoka pa pafupifupi mamiliyoni awiri kufika pa pafupifupi mamiliyoni atatu m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, koma aphunzitsi, mabuku ndi makalasi sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Patapita zaka zochepa masukulu aja tinkati a MCDE anasandulika masekondale oyendera. Kumeneko ndiye kumapita ana ambiri a alimi, ndipo kumeneko ndiye buku limodzi limagwiridwa ndi manja ambiri.

Ndisakunamizeni, sindikunena kuti Chingerezi ndiye nzeru. Agogo anu amene sadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chingerezi amaweruza milandu pabwalo, anthu ophunzira n'kugwedeza mitu. Chingerezi ndi khasu chabe. Koma munda wa sukulu ya masiku ano umalimidwa ndi khasu limeneli.

[Kanyimbo]

Takulandiraninso. Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za aphunzitsi odzipereka ochokera kunja, ndipo tanena kuti mlendo ndi mame. Tsopano ndikufotokozereni zomwe ndinaona ndekha.

Ndili Fomu 2 pasekondale ina yoyendera, kunabwera mayi wina wachitsikana kudzatiphunzitsa Chingerezi. Masabata awiri oyamba sitinamvepo kanthu. Ankalankhula mothamanga, mawu akutulukira m'mphuno, ndipo Chingerezi chake chinali chosiyana ndi chimene makutu athu anazolowera. Akafunsa ngati tamva, tonse tinkavomera pamodzi mwaulemu, popeza mwana wa Chichewa sauza mkulu kuti sakumveka. Iye ankasangalala, ife tinkatuluka mitu ili mbee. Zinadziwika atatipatsa kamayeso koyamba. Anabwera ndi mapepala athu, nawaika patebulo, nakhala chete kwa kanthawi. Kenako anaika choko pansi nalankhula m'Chichewa chothyokathyoka kuti iye sakutimva, ifenso sitikumumva, ndiye tithandizane.

Kuyambira tsiku limenelo tinapangana malonda. Tsiku lililonse tinkamupatsa mawu asanu a Chichewa, iye n'kutipatsa asanu a Chingerezi. Anavutika sabata yathunthu ndi liwu lakuti mtengo, osamvetsa kuti chinthu chomera kutchire ndi ndalama yogulira tomato zingakhale bwanji ndi dzina limodzi. Ife tinkamukonza mokondwa, iye n'kumayesanso osachita manyazi. Ndipo taonani chomwe chinachitika: titaona mphunzitsi akulakwitsa pamaso pathu koma osafa nazo, mantha athu anayamba kusungunuka. Paja chimene chimamanga lilime la mwana wa kumudzi si umbuli, ndi kuopa kusekedwa. M'masukulu ena masiku amenewo wolankhula Chichewa ankamupachika chikwangwani m'khosi kapena kumupatsa chibalo chokumba dzenje. Mwana wotero amaphunzira chinthu chimodzi chokha, kukhala chete.

Mayi uja anazindikiranso pomwe lilime lathu limapunthwa. Ife a Chichewa timasinthanitsa l ndi r osaona vuto, koma m'Chingerezi kusinthako kumatembenuza tanthauzo la mawu. Ife timati iye, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, pomwe Chingerezi chimafuna kuti usankhe. Ife timakonda kutseka liwu lililonse ndi a, e, i, o kapena u, n'chifukwa chake tili ndi buku, sukulu, tebulo. Sanatinyoze nazo. Anatiuza kuti zimenezi ndi zizindikiro zakuti tili kale ndi chiyankhulo chathu champhamvu, ndipo chatsopanocho chikufuna malo pambali pake.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi lomwe anatiuza kuti tilembe chimangirizo chofotokoza ulendo wa fodya, kuchokera kunazale mpaka kuokushoni. Anati iye sadziwa kanthu za fodya, ndiye timuphunzitse. Kalasi yonse inadzuka. Ife amene tinkasowa chonena akatifunsa za sitima ya pamtunda kapena chipale chofewa cha kwawo, apa tinali akatswiri. Kufesa, kuthirira m'mawa ndi madzulo, kuwokera mvula ikagwa, kudula nsonga, kuthyola, kusoka, kupachika, kusankha, kudinda mabelo pajeke. Zonse tinkazidziwa, chinkasowa ndi mawu okha, ndipo mawu amene munthu wawafuna yekha sawaiwala. Amene analemba bwino kuposa tonse anali mnyamata wina wofatsa wokhala kumbuyo, mwana wa tenanti pa esiteti ina, amene ankajomba kawirikawiri nyengo yothyola fodya. Palibe ankamuwerengera. Mayi uja anawerenga chimangirizo chake mokweza, ndipo mnyamatayo anazolika mutu, koma makutu ake ankamva.

Tsopano mvetsetsani mbali iyi, pakuti ndiyo mtima wa nkhani yanga. Mayi uja sanagwire ntchito yekha. Pasukulupo panali bambo wina wachikulire, mphunzitsi wa Chingerezi wa konkuno, amene anaphunzitsa zaka zambiri popanda womuyamika. Awiriwa anayambitsa kagulu kowerenga, Lachitatu lililonse tikaweruka, pansi pa mtengo wa mango. Mabuku anali m'bokosi limodzi lachitsulo. Kiyi wa bokosilo mayi uja anakana kusunga. Anati asunge ndi bambo aja, ndipo kope lolembamo obwereka lisungidwe ndi ophunzira awiri, mtsikana ndi mnyamata. Zaka ziwiri zitatha tinamuperekeza kukakwera minibasi, atsikana akulira. Lachitatu lotsatira bambo aja anatulutsa bokosi lija, nakhala pansi pa mango monga kale. Kaguluko kanapitirira mpaka ine ndinamaliza Fomu 4, ndipo ang'ono anga anakapeza.

Ndinadzaonanso kwina zosiyana ndi zimenezi. Mlendo anabweretsa makatoni a mabuku abwino, anajambulitsa zithunzi, napita. Mabukuwo anatsekeredwa mu ofesi poopa kuti ana awang'amba. Amene anawawerenga ndi chiswe.

Kodi kusiyana kwa masukulu awiriwa kunali pati? Taganizirani pamene tikumvera kanyimbo aka.

[Kanyimbo]

Si onse amene amayamikira ntchito ya aphunzitsi odzipereka, ndipo ndi bwino timve mbali imeneyonso. Mmodzi mwa a Peace Corps oyambirira aja anali Paul Theroux, amene pambuyo pake anadzakhala mlembi wotchuka wa mabuku. Ankaphunzitsa Chingerezi pa Soche Hill ku Blantyre, sukulu imene mphunzitsi wake wamkulu anali David Rubadiri, mlakatuli amene anadzakhala kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations. Nduna zitasemphana ndi Dr. Kamuzu Banda mu 1964, Rubadiri anatula pansi udindo napita ku Uganda, ndipo Theroux anathamangitsidwa m'dziko muno mu 1965 pomuganizira kuti akuthandiza otsutsa boma. Patapita zaka zoposa makumi atatu Theroux anabweranso kudzaona malo ake akale, ndipo zimene anaona anazilemba m'buku lake la Dark Star Safari. Mtima wake unawawa. Maganizo ake anali akuti alendo akamangobwera chaka ndi chaka kudzatseka mipata, dziko limazolowera, osasamala aphunzitsi ake enieni.

Ena anamukwiyira, koma ine ndikuona kuti funso lakelo lili ndi fupa. Pa Kasungu pompano tili ndi koleji yophunzitsa aphunzitsi. Achinyamata athu amamaliza maphunziro a uphunzitsi n'kukhala pakhomo nthawi yaitali kudikira kulembedwa ntchito, uku makalasi akusefukira. Mlendo sangakhale yankho la zimenezo. Ngati kubwera kwake kukuchititsa kuti mwana wa kuno asalembedwe ntchito, ndiye kuti kalumo kaja katicheka tokha. Mlendo wabwino amaima pambali pa mphunzitsi wa kuno, salowa m'malo mwake.

Ife a kuno kum'mawa kwa Kasungu nkhani ya aphunzitsi akunja tinaionera pafupi. Mu 1981 Dr. Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, pafupi ndi mtengo wa kachere umene iye anayambirapo sukulu. Ana okhoza bwino ankasankhidwa kuchokera m'maboma onse, n'kumaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, ndipo aphunzitsi ankachokera kunja, makamaka ku Britain. Amenewo sanali odzipereka, ankalipidwa bwino. Sukuluyo yatulutsa madokotala, maloya ndi akatswiri ambiri, palibe angatsutse. Koma mwana wa mlimi wa kwa Kapelula amene sanasankhidwe ankangoona mpanda ndi nsanja yake akamadutsa pamsewu. Ubwino wa mphunzitsi wodzipereka ndi wakuti amapita kumene kulibe mpanda, kusukulu ya fumbi, kumene mwana amafika atayenda mtunda wautali m'mimba muli mbatata imodzi.

Tsopano tiyeni kwa Wimbe, monga ndinalonjezera.

William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala, anabadwa mu 1987 m'banja la alimi a chimanga ndi fodya ngati inu ndi ine. Njala ija ya 2001 ndi 2002, imene akuluakulu simufuna kuikumbuka, inamuchotsa pa sekondale ya Kachokolo chifukwa makolo ake analibe fizi. M'malo mokhala pa sitolo kusewera bawo, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa pulayimale ya Wimbe, komwe kunali mabuku ochokera ku America. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, pachikuto pake pali makina opukusidwa ndi mphepo. Chingerezi chake chinali chochepa. Ankayang'ana chithunzi, n'kutsatira kamzere kochokera pachithunzipo kupita pa liwu, n'kufufuza liwulo m'ndime, osatopa. Mawu akamukanika ankafunsa mayi woyang'anira laibulaleyo. Ndi mitengo ya bulugama, felemu ya njinga, dainamo, mapaipi ndi chopukusira mphepo cha thirakitala yakutha, anamanga makina amene anayatsa babu m'nyumba ya makolo ake. Anthu ankati wapenga. Ena a inu munali pomwepo.

Onani tsono anthu amene anamugwira dzanja. Woyamba anali mayi wa laibulale uja, wa konkuno. Wachiwiri anali Dr. Hartford Mchazime, Mmalawi, katswiri wa zamaphunziro, amene mu 2006 anamva za makinawo, napita kukaona yekha, nabweretsa atolankhani, nayesetsa kuti mnyamatayo abwerere kusukulu. Pambuyo pake ndiye anabwera akunja. Mu 2007 William anaitanidwa ku msonkhano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania, komwe analankhula pamaso pa khamu, Chingerezi chikumuvuta, thukuta lili kamukamu, koma anthu anamumva. Kumeneko anakumana ndi Tom Rielly wa ku America, amene anamuyang'anira pa maphunziro ake kwa zaka zambiri. William anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, kenako ku Dartmouth College ku America, komwe anamaliza mu 2014. Buku la moyo wake, The Boy Who Harnessed the Wind, analemba ndi Bryan Mealer mu 2009, ndipo filimu yake, imene inajambulidwa kuno ku Kasungu, inatuluka mu 2019.

Palibe mlendo amene anaika njala ya maphunziro mwa William. Anaipeza ilimo kale. Amene anayamba kuiona ndi anthu a kwawo, ndipo akunja anawonjezera nkhuni pa moto woyaka kale. Ana otere alipo m'kalasi iliyonse, kwa Kapelula, ku Chamama, kulikonse. Ena ndi atsikana amene amafika mochedwa chifukwa ayamba atunga madzi. Ena ndi ana a matenanti amene amasowa mu Febuluwale. Mlendo wa zaka ziwiri sangawadziwe onse payekha. Amene mungamulozere ndinu.

Tafika tsono pa funso lathu lomaliza. Mame akadalipo, ife tizitani?

A komiti ya sukulu, a gulu la amayi, mafumu athu, mlendo akafika mufunseni mwaulemu kuti adzagwira ntchito ndi mphunzitsi uti wa kuno. Chilichonse chimene akuyambitsa, kaya ndi kagulu kowerenga, kaya ndi mtsutso, kaya ndi sewero, pakhale mwana wa kuno wogwira nawo kuyambira tsiku loyamba. Kiyi akhale kuno. Ndipo mabuku aziwerengedwa. Buku long'ambika chifukwa chowerengedwa lagwira ntchito yake.

Makolo, musamuone mlendoyu ngati banki. Ambiri mwa iwo ndi achinyamata ongomaliza kumene sukulu, ndipo kandalama kamene amalandira n'kongogulira chakudya ndi sopo. Mukamugogodera tsiku ndi tsiku kupempha ya feteleza, amayamba kutseka chitseko, ndipo ana anu ataya chinthu choposa thumba la feteleza. Chimene ali nacho chochuluka ndi nthawi, chiyankhulo, ndi kudziwa njira: kalembedwe ka kalata yofunsira malo, kumene kumapezeka thandizo la fizi, kagwiritsidwe ntchito ka kompyuta ndi intaneti. M'pempheni zimenezo. Ndiponso muitaneni adzadye nanu nsima ya nkhwani wotendera. Nayenso ndi mwana wa wina, ali kutali ndi amake, ndipo usiku amasowa kwawo.

Pali china chimene ndiyenera kunena mosabisa. Kulangiza mwana kuchitikire poyera, pasukulu, masana, makolo ndi aphunzitsi akudziwa. Zisachitikire m'nyumba ya mphunzitsi chitseko chotseka, kaya mphunzitsiyo ndi wa kunja kaya ndi wa konkuno. Mlangizi wa mtima wabwino sakhumudwa ndi lamulo limeneli, amalikonda. Ndipo mlendo akasankha mwana mmodzi yekha n'kumamupatsa zonse, mulangizeni mwachikondi. Ife timadziwa zomwe nsanje imachita m'mudzi, iye sadziwa. Ndi bwino athandize kagulu kusiyana ndi kukweza mmodzi pamwamba pa anzake.

Koma pempho langa lalikulu lili kwa inu bambo. Nyengo yothyola ndi kusoka fodya imagwera pakati penipeni pa chaka cha sukulu, ndipo nyengo yosankha ndi kudinda imafika pomwe a Fomu 4 akukonzekera mayeso. Ndikudziwa kuti manja amachepa, ndipo waganyu amafuna ndalama imene mulibe. Sindikuweruzani. Koma mphunzitsi angachokere kutali chotani, sangaphunzitse mpando wopanda munthu. Komanso utomoni wa fodya wamuwisi umalowa pakhungu, mwana n'kumamva chizungulire ndi mseru. Fodya wa chaka chino mudzagulitsa ku Chinkhoma, ndalama yake idzatha chaka chisanathe. Teremu imene mwana wajomba sibwerera.

Inu ana asukulu, musadikire kuti Chingerezi chanu chiyambe chawongoka ndiye mulankhule. Chimawongokera pakamwa. Pitani kwa mlendoyo, m'patseni moni, mufunseni funso, lakwitsani, akukonzeni, mawa mubwerenso. Ndipo inunso muphunzitseni Chichewa, musamupatse mawu otukwana kuti museke. Chichewa chanu musachinyoze. Mwana wodziwa kufotokoza nthano bwino m'Chichewa ndi yemwe amadzalemba chimangirizo chabwino m'Chingerezi.

Mawu ochepa kwa achinyamata amene munamaliza sukulu. Kudzipereka si kwa akunja okha. Lilipo bungwe la CorpsAfrica limene limatumiza achinyamata a Chimalawi kukakhala ndi kutumikira m'midzi ya kutali ndi kwawo. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa loyandikana nafe, kuli anthu othawa nkhondo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ambiri olankhula Chifalansa ndi Chiswahili, amene amafunitsitsa Chingerezi. Kwa iwo mphunzitsi wa kudziko lina ndinu. David Rubadiri yemwe uja anaphunzitsa ana a eni ku Makerere ndi ku Botswana zaka zambiri. Ngati mtima wanu ukulakalaka kukatumikira kunja, dzerani m'mabungwe odziwika, ndipo fufuzani kaye ku ofesi ya zantchito. Munthu wa pa WhatsApp wokulonjezani ntchito kunja, n'kumakuuzani kuti mutumize ndalama ndi pasipoti, muthaweni. Alongo athu ena anapita motero ku Oman, ndipo anakazunzika. Koma musanaganize zokwera ndege, pali pulayimale imene munaphunzirapo, pali ana a Sitandade 8 amene alibe wowawerengera Loweruka masana.

Nthawi yatithera, omvera. Mawa m'bandakucha, mukamatsitsa fodya pamikangala mame akadalipo, kambiranani pabanjapo mafunso awiri awa. Pasukulu yathu, ndi mwana uti amene ali ndi njala ya maphunziro koma palibe wamuona? Nanga bokosi la mabuku likabwera, kiyi tidzasungitsa yani? Mayankho anu mukawatule kwa aphunzitsi aakulu kapena kumsonkhano wa makolo ukubwerawu, ndipo ife tidzakondwa kuwamva m'pulogalamu yotsatira.